Fungo lotsekemera m'galimoto ndipo madzi a rediyeta akuchepa

Wa ku Chinamwali: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Loweruka ndinapita ku Mangochi kudzera ku Liwonde, ndipo pobwerera ndinayamba kumva fungo lotsekemera m'galimoto. Coolant (madzi a rediyeta) watsika ndi pafupifupi theka la lita, komabe pansi sipakudontha kanthu ndipo injini sinatenthe mopyola muyeso. Kodi vuto lingakhale pati?

Makaniko wa ku Matawale: Achimwene, fungolo ndi la ethylene glycol, mankhwala omwe amakhala mu coolant. Popeza mukulimva mkati, gwirani kapeti ya kutsogolo, chifukwa heater core (rediyeta yaing'ono yotenthetsa mpweya wa m'galimoto) imakhala kuseri kwa dashibodi, ndipo ikabooka kapetiyo imanyowa komanso galasi lakutsogolo limachita nkhungu yonata. Ngati pali pouma, fufuzani zipsera zoyera kapena zobiriwira m'malo olumikizira mapaipi ndi pa water pump, popeza madontho ogwera pa injini yotentha amauma asanafike pansi. Musatsegule chitsekerero cha rediyeta injini isanazizire, mungapse.

Mayi wa ku Domasi: Yanga inkataya madzi pokhapokha ndikakwera phiri kupita ku Ku Chawe. Linali vuto la chitsekerero chokutha, chomwe sichinkasunganso mphamvu ya mpweya (pulesha) ya 1.1 bar yolembedwa pamwamba pake.

Makaniko wa ku Matawale: Zimenezo zimachitikadi, amayi. Koma achimwene, onaninso oilo: akaoneka ngati tiyi wamkaka, kapena utsi woyera ukamatulukabe ku ekizozi injini itatentha kale, ndiye kuti head gasket (chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake) yapsa, ndipo musayendenso ulendo wautali musanapite ku galaja kuti akapime.