Ndisamukire ku Blantyre, ku Lilongwe, kapena ndipirire konkuno ku Zomba?

Admin, chonde mundibisire dzina. Ambiri pagulu pano amandidziwa, ena ndi makasitomala anga, ndiye sindikufuna nkhaniyi iwapeze mayi anga ndisanawauze ndekha.

Moni nonse. Ndine mayi wa zaka 34, ndili ndi ana awiri, ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba. Bambo a anawa anatisiya mu 2021, choncho zonse zapakhomo zimayang'ana ine. Ntchito yanga ndi yautelala. Ndimasokera pakhonde la sitolo ina mtauni muno, kufupi ndi msika waukulu, ndipo pakhondepo ndathapo zaka 9. Ndili ndi makina opalasa amene anandisiyira malemu bambo anga, ena amagetsi amene ndinagula titagawana ku banki m'khonde, ndi ka ovaloko kamodzi.

Ntchito ndimaidziwa. Nashonowe, madiresi a pachinkhoswe, yunifolomu ya amayi a Mvano, ya ana asukulu, zonse ndimasoka ndipo anthu sandibwezera. Chimene chikundisowetsa tulo n'choti ndalama ya ku Zomba ili ndi nyengo ngati mango. Ana a ku Chanco akakhala pasukulu ntchito imapezeka, uyu wabwera ndi jinzi ya pakaunjika kuti ndimuchepetsere m'chiuno, uyu diresi yoti ndiidule, ndipo ikafika giraduweshoni ndimagona 1 koloko usiku. Akangotsekera, tauni yonse imangoti zii. Otsala ndi anthu olandira pamwezi, aphunzitsi, anamwino, apolisi, mabanja a asilikali a ku Cobbe, ndipo iwowa amabwera mwezi ukatha, pakangopita sabata osawaonanso. Lachiwiri lapitali ndinakhala pamakina kuyambira 7 koloko mpaka dzuwa kupendeka, ndinangoika zipi imodzi pabuluku la mnyamata wa kabaza. Ndalama imene ndinapita nayo kunyumba sinakwane ndi makala omwe.

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulusi, mazipi ndi layining'i zakhala zikungokwera. Koma kasitomala wa kuno ndi munthu amene umapemphera naye kapena unakula naye, kumukwezera mtengo kumavuta, ndipo ambiri amatenga pangongole. Zipangizo zomwezo ndimakaoda ku Limbe kawiri pamwezi, thiransipoti n'kudyanso kaphindu kotsalako.

Tsopano kwatseguka makomo awiri. Msuweni wanga ali ndi kashopu ka zitenje ku Limbe, akuti ndikaike makina anga pakona tizigawana lendi, iye azigulitsa nsalu ine ndizisoka pompo. Wandiuzanso kuti angandipezere nyumba ku Bangwe kumene akukhala. Mng'ono wanga amene anakwatiwa ku Lilongwe, ku Area 25, iye akuti ndisataye nthawi ndi Blantyre, ndalama masiku ano ili ku likulu, ndikafikire kwa iye mpaka ndipeze poimira.

Chondigwira mwendo ndi mayi anga. Ali kumudzi ku Jali, amadwala shuga ndi BP. Mwezi uliwonse amabwera kudzaonana ndi adokotala ku chipatala chachikulu cha Zomba. Amafika madzulo ndi kajumbo ka matemba ndi mpunga wa ku Chilwa, kabuku kawo ka kuchipatala atakamanga pakona ya chitenje, amagona kwanga, m'mawa kusanache ndimawaperekeza kukaima pamzere asanadye kanthu kuti akayezedwe bwino. Maso awo ayamba kuchita chifunga, ndiye ine ndi amene ndimamvetsera zimene adokotala anena n'kuwalekanitsira mankhwala a m'mawa ndi a usiku m'timapepala tosiyana. Ndikachoka, ntchito imeneyi agwira ndani? Komanso mwana wanga wamkulu ali Sitandade 8, alemba mayeso chaka chino.

Ndipo ndisabise, Zomba ndimaikonda. Madzi a ku Mulunguzi ndi ozizira, ndiwo zamasamba ndi nthochi sizivuta, ndikatuluka m'nyumba m'mawa phiri limakhala lili apo. Koma ana anga akukula ndipo zofunika za ku sekondale zili pakhomo. Inu amene mukukhala ku Blantyre ndi ku Lilongwe, makamaka matelala anzanga, ndiuzeni zoona zake. Kumene munthu angagwire ntchito yamanja n'kukhala bwino ndi ana ndi kuti?

Telala wa ku Ndirande:
Achemwali, ine ndi mnzanu pantchito, ndinachoka kwathu ku Mulanje kalekale. Ndalama ku Blantyre iliko, ntchito siidikira kutha kwa mwezi ngati kwanuko chifukwa kuno kuli anthu a geni, a m'makampani a ku Makata ndi ku Chirimba, a m'mabanki, aliyense ndi tsiku lake lolandirira. Koma dziwaninso kuti matelala kuno tachuluka zedi, ku Limbe khonde lililonse lili ndi makina. Makasitomala anu a zaka 9 aja satsagana nanu. Ine miyezi yoyambirira ndinkangosoka zigamba. Mwayi wanu ndi woti mukukalowa mushopu ya zitenje, munthu akagula nsalu amafunsa telala pompo, ameneyo ndi wanu kale. Chimenecho musachione mopepuka, ambiri tinayamba tilibe.

Za nyumba, mvetsetsani bwino. Musalole nyumba ya m'mbali mwa phiri kapena pafupi ndi khwawa ngakhale lendi itatsika bwanji. Tinaona tokha mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinatsikira ku Chilobwe anthu ali m'nyumba. Mukamakaona nyumba, funsani aneba, osati landilodi, kuti nthawi ya mvula madzi amadutsa pati. Chachiwiri madzi akumwa. Ambiri amene timamwa kuno amachita kupopedwa kuchokera mu Shire, ku Walker's Ferry, kukwera mtunda wonsewo, ndiye magetsi akavuta malo okwera amayamba ndiwo kuuma. Mubwere ndi zigubu. Ndipo makina opalasa a bambo anuwo musagulitse, tsiku lozima magetsi ndi amene adzakudyetseni.

Wa ku Area 49:
Asisi bwerani ku Lilongwe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, 800,264 ku Blantyre, pamene Zomba anali ndi 105,013 okha. Mukusokera anthu ochepa kwambiri. Kuno kuli amayi a ku Capital Hill, a m'mabungwe, maukwati Loweruka lililonse, ndipo munthu akakonda kasokedwe kako sanenerera mtengo. Mzinda ukungomangidwa.

Mayi wa ku Kawale:
Zoona ndalama iliko, koma mwawerenga bwinobwino za mayi awo? Kuchoka kuno kufika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 300, kudzera ku Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Liwonde. Pa basi ndi theka la tsiku, ndiye muonjezere ya ku Jali. Akakuimbirani usiku kuti mayi akomoka mufika nthawi yanji? Lilongwe ndi wotambalalanso, kuchoka ku 25 kupita mtauni ndi ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo fumbi la mu Ogasiti limalowa mpaka mu nsalu za makasitomala. Chinanso ndinene monga mayi mnzanu, kufikira pakhomo pa mng'ono wako wokwatiwa uli ndi ana awiri, sabata zoyambirira zimakoma, kenako alamu amayamba kuwerenga matumba a ufa.

Bambo wopuma pantchito, ku Matawale:
Mwanangu, ine ndakalambira muno. Likulu la dziko linachoka kuno mu 1975, Nyumba ya Malamulo inatsalira mpaka nayo inatsatira mu 1994. Zimene zinatsala ndi yunivesite, MANEB, ofesi ya kalembera, asilikali, apolisi, ndende ndi zipatala. Onsewo ndi anthu a malipiro a boma, fakitale yaikulu yolemba anthu ambiri kulibe. Ndiye zimene ukuona pakhonde pakozo si tsoka lako ayi, ndi mmene tauni ino inakhalira. Ana anga onse anayi ali kunja kwa Zomba. Pita ukadali ndi mphamvu, koma usapite kutali ndi mayi ako.

Wa ku Machinga:
Nanga Liwonde bwanji? Ndi pafupi, pali mphambano, njanji ya ku Nacala imadutsa pomwepo, alendo opita kukaona nyama amaimanso.

Wina:
Liwonde ndi yaing'ono kuposa Zomba yomweyo, ndiye athawa chiyani? Kutentha ndi udzudzu wa mu Shire, mwana wozolowera mphepo ya m'phiri akavutika.

Mnyamata wa ku Zingwangwa:
Koma anti, mayiwo anabereka inu nokha? Abale enawo ali kuti? Musadziphe ndi mtolo wa anthu ambiri.

Mwini funso:
Achimwene, tilipo atatu. Mchimwene wathu ali ku Joni, amatumiza ya mankhwala akapeza, mng'ono wanga ndi wa ku Lilongwe uja. Ine ndiye wamkulu ndipo ndine amene ndili pafupi. Sindikuwaona mayi ngati mtolo. Anandilerera ana bambo awo atamwalira, miyezi itatu yathunthu anasiya munda wawo n'kudzakhala kwanga. Zoti ndiwatenge ndinaganizapo, koma sangalole. Kumudzi kuli munda wawo, nkhuku zawo, mpingo wawo ndi manda a bambo. Kwanga kuno akagona masiku awiri amayamba kale kufunsa za nandolo wawo.

Namwino wa ku Chilomoni:
Musawakakamize kusamuka. Munthu wa shuga chimene amafuna n'kusadumphitsa mankhwala, kudya pa nthawi yake, ndi wina womuyang'ana mapazi ngati pali kabala. Pezani wachibale wa pamudzipo, kaya mdzukulu kaya mwana wa achemwali awo, mupite naye kuchipatala maulendo awiri atatu aphunzire zimene mumachitazo. Tsiku la sikelo yawo inu muzibwera ndithu. Limbe ndi Zomba ndi makilomita osapitirira 70, mukakwera ya m'mamawa pa depoti ya Limbe mudutsa Njuli, Namadzi, Thondwe, mufika dzuwa lisanatenthe. Muli ku Lilongwe zimenezi sizingatheke mwezi ndi mwezi.

Mayi wa geni, ku Mpondabwino:
Ine ndikuti musanyamule katundu kaye. Ndimagulitsa mpunga ku Limbe koma ndimakhala konkuno, ndipo sindinasamuke chifukwa nditawerengera lendi ya uko, madzi, makala ndi ndiwo, ndinaona kuti phindu lonse lithera m'nyumba. Kuno masamba a tsiku lonse ndimagula ndi ndalama yochepa, uko chilichonse ndi chogula modula. Inu chitani chonchi. Tengani makina amagetsi okha mukaike kwa msuweni wanuyo, muzipita Lachinayi m'mawa, kugona kwa iye, kubwerako Loweruka madzulo. Opalasawo atsale pakhonde lanu kuti malo asapite ndi wina, chifukwa khonde labwino mtauni muno ukalisiya sulipezanso. Muzilemba m'kope ndalama ya ku Limbe payokha, ya ku Zomba payokha, thiransipoti payokha. Mwana akamadzalemba mayeso, kopelo lidzakhala litakuuzani kale kolowera. Muzijambulanso zimene mwasoka n'kuika pa WhatsApp. Ine makasitomala ena amalipira pa Mpamba kapena Airtel Money, katundu ndimangopatsira kondakitala wodziwika.

Chimodzi chokha, ndi msuweniyo mugwirizane zonse poyera musanaike makina. Lendi mugawana bwanji, magetsi alipira ndani, kasitomala akagula nsalu kwina n'kubwera nayo kwa inu zikhala bwanji. Mulembe papepala, pakhale mboni. Ubale umatha ndi tinthu tating'ono ngati timeneti.

Telala wa ku Ndirande:
Mawu amenewo ndi oona. Ndionjezere kuti Lachisanu ndi Loweruka ndi masiku a anthu a maukwati, amabwera mothamanga kuti muwakonzere pompopompo ndipo amalipira bwino. Masiku amene akusankhirani mayiwo ndi abwino.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse, zina mpaka kawiri. Za ku Lilongwe ndazisiya, mng'ono wanga ndimuimbira usiku uno ndimufotokozere bwino kuti asakhumudwe. Mtima wanga wagwera pa zoyesa masiku atatu pasabata. Lamulungu likubwerali ndipita ku Jali ndikakambe ndi mayi komanso amalume, poti iwo ndiwo eni mbumba sindingasunthe osawauza. Pali mwana wa achemwali a mayi amene anamaliza Fomu 4 ndipo ali pamudzi pomwepo, ndikamupempha kuti mwezi uno tipitire limodzi kuchipatala.

Chatsala ndi ana masiku amene ndizigona ku Limbe. Wamkulu ali ndi zaka 13, wamng'ono 7, sindingawasiye okha usiku. Pali mayi wina wa kumpingo kwathu amene timakhala moyandikana, ndimamukhulupirira, koma sindikudziwa kuti ndiyambe bwanji kumupempha. Amene munasiyirapo ana aneba masiku awiri pasabata, mumawapatsa ndalama pamwezi kapena mumangogula ufa ndi ndiwo? Ndipo inu a ku Ndirande, ovaloko ndiitenge ulendo woyamba womwewu kapena ndiyambe ndaona kaye mmene magetsi a mushopumo alili?