Boa yosapitirira mita imodzi, bokosi ndapanga kale

Wamagalasi_Luwinga: Akuluakulu thandizeni msanga. Kasitomala analipira bokosi la galasi la masentimita 90x45x45, ndamaliza, lero akuti akufuna kuikamo njoka ya boa. Wogulitsa njokayo wamutumizira chithunzi cha kamwana ka masentimita 45 akuti ndi dwarf, sikakula. Dzina la mtundu sakutchula. Ndimuuze chiyani munthuyu?

Dotolo_wa_ziweto: Achimwene, mwana wa boa wamba amabadwa ali wa masentimita 40 mpaka 50, ndiye chithunzicho sichikukuuzani kanthu. Funsani dzina la Chilatini. Ikakhala Boa imperator, yaikazi imafika mamita awiri ngakhale kupitirira, ndipo boa ya red tail ya ku South America imatha kufika atatu. Za pazilumba zomwe amati dwarf, monga Hog Island ya ku Honduras ndi Crawl Cay ya ku Belize, zimafika ndithu mita ndi theka. Bokosi lanu lingaisunge chaka chimodzi, mwina ndi miyezi ingapo. Njokayi imakhala zaka zoposa 20.

Mkulu_wa_Katoto: Mapepala kaye. Boa zonse zili pa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire. Popanda chilolezo cha nthambi ya National Parks and Wildlife musakhudzeko.

Mayi_wa_mbewa_zoyera: Yokwana bwino m'bokosi la 90 ndi Kenyan sand boa. Yamphongo imathera pa masentimita 40 mpaka 50, yaikazi 60 mpaka 80. Yang'anani mchira: wamphongo ndi wautaliko, waikazi ndi waufupi wonenepa. Koma muuziretu kasitomala kuti imakhala yodzikwirira tsiku lonse, amangoona timaso ndi mphuno. Amene akufuna yoonetsa alendo adzakhumudwa. Pansi ikani zoyala zakuya masentimita 8 mpaka 10. Utuchi wa paini wa ku Chikangawa ayi, ngakhale ndi wosavuta kupeza, chifukwa mafuta ake amapweteka mapapo. Mukagwiritsa mchenga, muziidyetsera m'kabokosi kena kuti isameze mchengawo limodzi ndi mbewa, umatseka matumbo.

Wamagalasi_Luwinga: Nanga rosy boa? Akuti nayo ndi yaing'ono.

Dotolo_wa_ziweto: Masentimita 60 mpaka 90, kukula kwake kuli bwino. Vuto ndi chinyezi. Kwawo ndi kouma, ku California, Arizona ndi Mexico. Kuno ku Mzuzu mvula imakoka mpaka Epulo, nkhungu m'mawa uliwonse. M'bokosi lotseka pamwamba imayamba kupuma molira, thovu kukamwa. Pamwamba pakhale sefa, mbale ya madzi ikhale yaing'ono.

Mkulu_wa_Katoto: Mukukamba za chinyezi pomwe njokayo sitikudziwa yalowa bwanji m'dziko muno. Wogulitsa wobisa dzina la mtundu amabisanso kumene waitenga. Ena amatola mwana wa nsato kuthengo n'kumati ndi boa. Nsato imapitirira mamita anayi ndipo ndi yotetezedwa, lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017.

Wamagetsi_Chibavi: Kukula ndi nkhani ina, chomwe chimapha kuno ndi Juni ndi Julayi. Usiku kumatsika pansi pa madigiri 10 ndipo galasi silisunga kutentha. Heat mat, kamphasa kamagetsi kotenthetsera, ikhale pansi pa gawo limodzi mwa magawo atatu a bokosi, mbali yotentha madigiri 32 mpaka 35, inayo 24 mpaka 26. Thermostat, yozimitsa mat ikatentha kwambiri, osaiwala, popanda iyo mat imawotcha mimba. Matani plywood kumbuyo ndi m'mbali. Magetsi akazima usiku, botolo la madzi otentha lokulunga m'thaulo, ndipo musadyetse sabata imeneyo. Njoka yozizidwa sigaya, mbewa imaolera m'mimba kenako imasanza.

Mayi_wa_mbewa_zoyera: Ndipo wina asamunamize kasitomalayo kuti kuimana chakudya ndi njira yabwino yoilepheretsa kukula. Imawonda, mutu n'kuoneka waukulu kuposa thupi. Mbewa ikhale yonenepa ngati pakati pa njokayo, masiku 7 aliwonse ikali yaing'ono, 10 mpaka 14 ikakula. Makoswe a m'nyumba ayi, ambiri amakhala atadya poizoni.

Mkulu_wa_Katoto: Achimwene a ku Luwinga, mapepala aja wakuonetsani?