Ndithandizeni nzeru: mwana asankhe Bunda kapena maphunziro atsopano?

Abale anga, ndabwera kwa inu odziwa. Mwana wanga wamkazi wakhoza bwino MSCE, ndipo mtima wake uli pa ulimi wa nsomba ku Bunda, ku LUANAR. Koma anzake akumukokera ku maphunziro atsopano a ku MUBAS, sukulu imene inaima payokha mu 2021 itachoka ku UNIMA. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndikuopa kumusocheretsa.

Kodi tingatsimikize bwanji kuti maphunziro atsopano ndi ovomerezeka ndi a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba? Nanga aphunzitsi ochita kafukufuku amawatenga ana a digiri yoyamba kupita nawo kumadamu a nsomba, kapena mwayiwo ndi wa a masters okha? Amene munadutsamo, chonde ndiunikireni.