Thandizeni, kiyibodi ya pasikirini yasiya kulemba pa Linux ya achimwene anga

Wosatchula dzina: Moni nonse m'gulu muno. Pepani ndilemba zambiri, mutu wanga sukugwira. Achimwene anga aakulu anadwala sitiroko, dzanja lamanja linafa ndipo lamanzere limanjenjemera, akati adine chilembo chimodzi zimatuluka zitatu. Ndinawaikira Linux pa laputopu yawo chifukwa Windows inkachedwa zedi, ndiye mlamu wanga mpaka lero amanena kuti ndinaiwononga ndine, chonsecho iwowo ndi amene anaipititsa kwa wokonza makompyuta wina yemwe anafufuta zithunzi zonse za banja. Komatu nkhani imeneyo palibe amene amaitchula. Ndinaika Onboard, kiyibodi ya pasikirini ija, ndinagulanso batani lalikulu la USB loti azidina ndi chikhatho, zinthu zinkayenda bwinobwino. Sabata yatha ndinapanga update, basi kuthera pomwepo. Onboard ikutseguka, ukadina chilembo ikuoneka kuti yadinika, koma mu Firefox simukulowa kanthu. Ndayesa xdotool, pulogalamu yotumiza zilembo m'mawindo ngati kuti munthu wadina kiyibodi, nayonso zii. Ndikuganiza zongolemba pulogalamu yangayanga ndi Python ndiiphatikize ku desktop, ndimaidziwa pang'ono, koma poyambira sindikupaona. Mlamu akuti Loweruka abwera ndi munthu wodzabwezeretsa Windows. Nditani abale?

Gogo wa Xorg: WAYLAND. Sindikufunanso kumva zina, ndi Wayland imeneyo, njira yatsopano yomwe Linux imaonetsera mawindo pasikirini m'malo mwa X11 yakale. X11 inatuluka mu 1987, yatumikira anthu zaka zonsezi, xdotool ikugwira, Onboard ikugwira, eViacam yoyendetsa mausi ndi mutu kudzera pa kamera ikugwira. Kenako anyamata ena anangodzuka kuti tiyambirenso. Linux ya Fedora inasamukira ku Wayland mu 2016, ya Ubuntu mu 2021, osafunsa n'komwe anthu amene moyo wawo umadalira zipangizozi. Ndakhala ndikunena izi m'gulu muno koma mumandiseka.

Tiya_dev: Musanapite patali, tsegulani terminal, windo lolembamo malamulo lija, mulembe echo $XDG_SESSION_TYPE mutiuze zomwe yayankha, x11 kapena wayland. Mutiuzenso kuti ndi Linux iti, nambala yake, komanso ngati desktop yake ndi GNOME kapena KDE. Popanda zimenezi tonse tikungolosera.

Gogo wa Xorg: Kulosera kwa chiyani mwanawe? Zizindikiro zonse zilipo. xdotool imadalira XTEST ya X11, pa Wayland mawindo ambiri saimva. Afufute zonsezo aike Linux ya Debian yokhala ndi desktop ya Xfce, yomwe imayendera X11, nkhani yatha.

Kachere99: Ine ndikungofuna kudziwa za zithunzi zija. Mlamu anapepesa? 😂

Mnyamata wa Fedora: Agogo, musanamize anthu. Pa X11 pulogalamu iliyonse imatha kuwerenga zonse zomwe mukulemba, ndi password ya kubanki yomwe, n'kudina mabatani m'malo mwanu inu osadziwa. Wayland inatseka khomo limenelo dala. Vuto ndi loti zida zothandiza olumala zinkalowera khomo lomwelo. Pano njira yatsopano ilipo, libei pamodzi ndi portal ya RemoteDesktop, pomwe pulogalamu imapempha kaye chilolezo isanayambe kudina. Kungoti mapulogalamu akale ambiri sanasinthidwe kuti aziigwiritsa ntchito.

Gogo wa Xorg: Wamva wekha zomwe wanenazo? Khomo munatseka, lina simunamalize kumanga. Munthu wodwala sitiroko adikire mpaka liti? Password yakeyo ailemba ndi chiyani poti kiyibodi mwamulanda?

Mnyamata wa Fedora: Nanga inuyo mwalembapo mzere ungati wa code kuti zitheke? Kudandaula kokha basi.

Gogo wa Xorg: Ndinayamba Linux iwe usanabadwe.

NaPhiri: Inu amene mwafunsanu, mwalemba za mlamu, za zithunzi, za Python, koma sindinaone pomwe mwanena zomwe achimwene anuwo akufuna. Mwawafunsa? Mwina batanilo limawatopetsa. Mwina dzanja lamanzere likhoza kumalemba pa kiyibodi wamba itangokonzedwa. Ine amayi anga atadwala tinawagulira zinthu zambirimbiri zomwe zinangothera m'kabati chifukwa tinkawasankhira ife. Ndipo ngati amapita ku fiziyo, funsani kumeneko, alipo akatswiri oona kuti chiwalo chiti chikadali ndi mphamvu.

Tiya_dev: Amayi NaPhiri anena zoona. Ndipo za zilembo zotuluka zitatuzitatu zija sizifuna kuika pulogalamu ina iliyonse. Ngati ndi GNOME pitani ku Settings, Accessibility, kenako Typing. Yatsani Bounce Keys, imanyalanyaza batani lomwe ladinidwa kawiri motsatizana mofulumira. Slow Keys imadikira kuti batani likanikizidwe kwa kanthawi lisanalembe, ndiye chala chikangogunda mwangozi palibe chimalowa. Sticky Keys ndi ya munthu wa dzanja limodzi, amadina Shift n'kuisiya, kenako chilembo. Nthawi yodikirayo mumaisintha nokha, muyambe ndi yaifupi chifukwa ikatalika munthu amaganiza kuti kiyibodi yafa. Palinso Hover Click, mausi ikaima pamalo amodzi imadina yokha. Zonsezi zimagwira pa Wayland ndi pa X11 pomwe.

Zala Zotopa: Palibe watchula Dasher? Ine manja anga anatupa chifukwa cholemba kwambiri kuntchito, dokotala anandiletsa kugwira kiyibodi, abwana osamva n'komwe, mpaka ntchito inandithera. Dasher ndi imene inandipulumutsa. Inapangidwa ndi gulu la David MacKay ku Cambridge. Zilembo zimabwera zikuyandama kuchokera kumanja kwa sikirini, iwe umangolozera komwe ukufuna, ndipo zilembo zomwe ikuganiza kuti zitsatira zimaoneka zazikulu. Poyamba chizungulire chimakugwira ndithu, ine ndinkachita kutseka maso kaye. Ukazolowera sufunanso china. Imagwiranso ndi batani limodzi kapena awiri.

Kachere99: Munthu wadwala kale sitiroko, inu mukufuna mumuwonjezere chizungulire?

Gogo wa Xorg: Dasher nayonso kuti itumize zilembo m'mawindo ena imakhala bwino pa X11. Talon yolamula kompyuta ndi mawu, X11. Onboard, X11. Mukuona komwe nkhaniyi ikupita? Ndipo GNOME inachotsa Caribou mu 2018 n'kuikapo kiyibodi yakeyake yomwe ilibe scanning, kuja kuwala kumayenda pamizere ya zilembo munthu n'kudina batani kukafika pomwe akufuna. Wa batani limodzi popanda scanning alemba bwanji? Mundiyankhe a Fedora.

Mnyamata wa Fedora: Pamenepo pokha sinditsutsa.

Wa ma script: Ikani ydotool m'malo mwa xdotool. Imadutsa pa /dev/uinput, kernel, mtima wa Linux, imaiona ngati kiyibodi yeniyeni, ndiye ilibe nazo ntchito za Wayland kapena X11. Mungofunika kuipatsa chilolezo cha uinput ndi kuyatsa ydotoold. Ine ndimaiyendetsa ngati root, akaunti ya mphamvu zonse pa kompyuta, basi.

Tiya_dev: Musamuphunzitse munthu kuyendetsa zinthu ngati root pa kompyuta ya wodwala chonde. Lamulo la udev lopereka chilolezo cha uinput chokhacho limakwana. Ndipo inu ofunsa, za kulemba pulogalamu yanu muziike pambali kaye, Loweruka silili kutali. Ngati ndi Ubuntu 22.04 kapena 24.04, tulukani mu akaunti, dinani dzina, pakona yakumunsi kumanja pali kagiya, sankhani Ubuntu on Xorg, ndiyo X11 ija, Onboard iyenera kuyambanso kulemba. Ngati ndi 25.10 kagiya kameneko sikakuthandizani, Xorg ya GNOME anaichotsamo. N'chifukwa chake ndikufunsa nambala. Mukafunadi kuthandiza pa code mtsogolo, yambani ndi kulemba lipoti la vutoli ku GitLab ya GNOME kapena ku Bugzilla ya KDE, mufotokoze batanilo ndi momwe achimwene amaligwiritsira ntchito.

Gogo wa Xorg: Mwaona? Ngakhale iyeyu mapeto ake akuti Xorg. Linux Mint, Xfce, MATE, sankhani pamenepo.

Wosatchula dzina: Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera mayankho ochuluka chonchi. A Kachere, sanapepese, akuti zithunzizo zinali kale pa foni, koma foniyo inatayika chaka chatha. Amayi NaPhiri, achimwene amalankhula movutikira koma ndiyesa kuwafunsa madzulo ano. Debian ija ndikaika sizifufutikanso zinthu? Chifukwa zikatero ine m'banja muno ndiye ndathera pomwepo. Kagiya kaja sindikukaona.

Tiya_dev: Achimwene, echo $XDG_SESSION_TYPE yayankha chiyani? Ndipo ndi Linux iti?

Wosatchula dzina: Ndi ya HP.