Masensa awiri a SHT31 pa chingwe cha mamita 12: ESP32 yasiya kuwerenga

Wofunsa, Chipata:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndaika ESP32, kabolodi kakang'ono ka kompyuta, m'nyumba yosungiramo mtedza ya kagulu ka alimi kuno ku Chipata kuti iziyeza chinyezi ndi kutentha, popeza mtedza ukanyowa umachita chuku ndipo ogula amaukana. Ndikugwiritsa ntchito masensa awiri a SHT31 pa I2C, njira yomwe machipu amalankhulirana pa mawaya awiri: SDA, waya wa deta, ili pa phini ya GPIO21 ndipo SCL, waya wogunda nthawi, ili pa GPIO22. Sensa imodzi inawerenga bwino usiku wonse patebulo, koma nditalumikiza yachiwiri kumapeto kwa chingwe cha Cat5 cha mamita 12, pulogalamu inayamba kubweza NaN, kutanthauza kuti palibe nambala yomwe yawerengedwa.

Mmisiri wa ku Katete:
Achimwene, yambani ndi adiresi. SHT31 imayankha pa 0x44 pamene phini ya ADDR ili ku GND, choncho masensa anu onse awiri akuyankhira pamodzi. Lumikizani ADDR ya imodzi ku 3.3 V kuti ikhale 0x45, kenako muyendetse I2C scanner, pulogalamu yoonetsa maadiresi omwe akuyankha.

Wofunsa, Chipata:
Zikomo akulu, ndachita zimenezo. Tsopano 0x44 ikuoneka nthawi zonse, koma 0x45, yakutali ija, ikuoneka apa ndi apo.

Mphunzitsi wa zamagetsi, Petauke:
Bambo, vuto lotsalalo lili pa chingwe, osati pa pulogalamu. Kampani ya Philips inapanga I2C mu 1982 kuti machipu okhala pa bolodi imodzi azilankhulana, ndipo malamulo ake amalola capacitance, kutanthauza mphamvu ya waya yosunga magetsi, yosapitirira 400 pF. Chingwe cha Cat5 chimakhala ndi pafupifupi 50 pF pa mita iliyonse, ndiye mamita 12 anuwo afika kale cha pa 600 pF.

Kumbukirani kuti pa I2C chipangizo chimangokokera voteji ya waya pansi, ndipo chomwe chimaubweza pamwamba ndi pull-up resistor. Chingwe chikatalika, voteji imakwera mochedwa, pomwe pa 100 kHz iyenera kukwera pasanathe microsecond imodzi. Zimitsani magetsi, muyeze ndi multimeter pakati pa SDA ndi 3.3 V. Mabolodi ambiri a masensawa amabwera ndi 10 kΩ, kotero awiri akupatsani pafupifupi 5 kΩ, ndipo ndi 600 pF kukwerako kumatenga cha m'ma microsecond 2.5. Onjezerani 2.2 kΩ pa SDA ndi ina pa SCL. Zonse pamodzi zidzakhala pafupifupi 1.5 kΩ, kutanthauza 2.2 mA, zomwe sizipyola malire a 3 mA. Musatsitse ma kΩ amenewa mpaka kupyola malire a 3 mA aja, chifukwa sensa idzalephera kukokera waya pansi mokwanira. Muchepetsenso liwiro polemba Wire.setClock(20000) pambuyo pa Wire.begin(), chinyezi cha m'nkhokwe sichisintha mofulumira moti n'kufunika 100 kHz.

Ndifunseko chinthu chimodzi chomwe ophunzira anga amachiphonya kawirikawiri: SDA ndi SCL mwaziika pa mawaya ati?

Wofunsa, Chipata:
Mayi, mwalasa. Ndinaziika zonse pa mawaya awiri opiringizana a mtundu wa lalanje, poganiza kuti zikuyenera kuyendera limodzi.

Mphunzitsi wa zamagetsi, Petauke:
Mukatero, kugunda kulikonse kwa SCL kumadumphira pa SDA. Zilekanitseni: SCL ipiringizane ndi GND, SDA ipiringizane ndi 3.3 V, ndipo muike capacitor ya 100 nF pakati pa 3.3 V ndi GND pafupi penipeni ndi sensa yakutaliyo.

Wofunsa, Chipata:
Ndabwera kudzathokoza. Multimeter inaonetsa 4.9 kΩ, monga momwe munanenera. Ndasintha mawaya, ndawotcherera ma resistor, ndachepetsa liwiro, ndipo papita masiku atatu popanda NaN. Dzulo ndinapumira mpweya pa sensa ya pakati pa matumba ndipo nambala ya chinyezi inakwera nthawi yomweyo, alimi akuonerera. Tsopano akufuna sensa ina m'nyumba yachiwiri, yomwe ili pa mtunda wa mamita 60.

Mmisiri wa ku Katete:
Pa mtunda umenewo I2C muisiye, achimwene. Ikani kabolodi kena pafupi ndi sensayo, ndipo mabolodi awiriwo azilankhulana pa RS-485, njira ina yotumizira deta pa waya, yomwe imafika mamita 1,200 pa liwiro lotsika. Musankhe transceiver (chipu yotumiza ndi kulandira deta) ya 3.3 V monga MAX3485, ndipo muike resistor ya 120 Ω kumapeto onse awiri a chingwe.