IRF510 yapsa kachiwiri ndikangodina PTT, thandizeni

Kanyimbi_QRP
Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi vuto landizunguza mutu sabata ziwiri tsopano. Ndamanga ka transceiver (wailesi yotumiza ndi kulandira) ka bandi ya 40m, kotumiza mawu pa SSB, ka mtundu wa BITX kaja, VFO (kosinthira frikwensi) ndi chip ya Si5351 yoyendetsedwa ndi Arduino Nano, ku final (gawo lomaliza lokweza mphamvu potumiza) kuli tiranzisita ya IRF510 imodzi. Kulandira kakulandira bwinobwino, madzulo pa 7.074 MHz masiginolo a digito a FT8 akuchita kulira ngati nkhululu. Koma ndikadina PTT (batani lotumizira) nkuyankhula, mita ikukwera mpaka kudutsa 2A, heatsink (chitsulo choziziritsira tiranzisita) kutentha moti sungagwire, kenako kafungo kaja mukukadziwa. Yoyamba inapsa ndinati mwina tsoka chabe, ndasintha, yachiwiri yapsanso dzulo usiku. Yatsala imodzi basi nde ndikuopa ndi kuyatsa komwe. Ndiyambire pati?

Mdala_Valavu
Achimwene musanagwire chilichonse, mukuyesera pa eriyo kapena pa dummy load (ma resistor olowa mmalo mwa eriyo poyesa)? Ngati ndi pa eriyo siyani lero lomwe. Tengani ma resistor 20 a 1k, a 2W iliyonse, muwalumikize parallel, mwapeza 50 ohm, koma asakhale a wirewound aja chifukwa pa RF (mafrikwensi a wailesi) amenewo ndi makoyilo basi.

Chachiwiri ndi bias, magetsi amene tiranzisita imakoka mukadina PTT osayankhula. Bwezani ka pot kake (ka resistor kopotokola) mpaka gate (mwendo wolamulira tiranzisita) ikhale pa 0V, dinani PTT osayankhula, lembani ma mA amene mukuona, kenako muzikweza pang'onopang'ono mpaka awonjezereke ndi 100mA. Ndati pang'onopang'ono, chifukwa IRF510 imangokhala duu mpaka cha m'ma 3V kupita ku 4V kenako imadzuka kamodzin'kamodzi, ndipo ikamatentha imayamba kukoka kwambiri pa voteji yomweyo. Ine poyesa final yatsopano ndimaika babu la galimoto la 21W pa waya wa positive, zikavuta babu limawala mmalo moti tiranzisita ife. Komanso kachitsulo kakumsana kwa IRF510 ndi drain, kasakhudze heatsink ngati heatsinkyo ili pa ground, pakhale ka mica ndi ka washer ka pulasitiki.

Kanyimbi_QRP
Eee mdala mwandigwira, ndimayesera pa dipole ndipo SWR (muyezo wa mphamvu yobwerera kuchoka ku eriyo) sindinayezepo nkomwe, manyazi. Dummy load ndapanga, mica inalipo kale, babu ndaika. Bias ili pa 100mA ndipo yangokhazikika sikusuntha. Koma ndikaliza likhweru pa maiki babu likuwala, IRF510 ikutentha, pomwe ma resistor a dummy load ali zii, ozizira ngati sanaone kanthu.

Nachisale_CW
Pamenepo nde mwanena zonse. Moto ukupangidwa koma sukufika kunja, ukungothera mu tiranzisita momwemo, nde vuto lili pakati pa drain (mwendo wotulukira mphamvu) ndi soketi ya eriyo: thiransifoma ya output, low pass filter (LPF) kapena relay. Ine ndikukayikira ma toroid, makoyilo okulunga pa timphete aja. Waya wa makoyilo uja uli ndi enamel, ukapanda kupala bwino solder imangozungulira waya nkuoneka yonyezimira bwinobwino koma mkati mulibe kukhudzana. Zinandichitikirapo pa kawailesi ka CW (Morse) kanga koyamba, masiku atatu ndikusintha zinthu zabwinobwino.

Zimitsani, ikani mita pa kabeep kolira pakakhala kukhudzana, muyeze kunsi kwa bolodi kuchoka pa pad kupita pa pad ina, osati pa waya weniweniyo, koyilo iliyonse ya LPF payokha, uku mukuigwedeza ndi chala. Musanamizike poti RX (kulandira) ikugwira, madizaini ena RX sidutsa nkomwe mu LPF, ndipo ngakhale itadutsa, 40m usiku masiginolo ake ndi aphokoso moti amalowa ngakhale polumikizira pali pobooka. Muwerengenso ma turn, waya ukadutsa pabowo kamodzi imeneyo ndi turn imodzi, ambiri amawerenga kunja nde amaonjeza kapena kuperewera ndi imodzi. Thiransifoma yokhayo kabeep kadzakunamizani chifukwa pa DC zonse zimaoneka ngati shoti, ngati mukuikayikira ichotseni muone ngati simunasemphanitse mawaya.

Jenala73
Ine ndikuona mwina ayi. Ma IRF510 ena ndi abodza amwene, amangodinda dzina pamwamba mkati muli zina. Kapenanso final ikudzipangira oscillation (siginolo yosafunika) yokha, zimachitika mawaya a ku gate akatalika kapena output ikadutsa pafupi ndi input. Ikani ka resistor ka ma ohm ochepa pa mwendo wa gate penipeni ndi 100nF pafupi ndi pomwe 12V ikulowera ku choke.

Nachisale_CW
Resistor ya pa gate ndikugwirizana nayo, sipweteka kanthu. Koma ikanakhala oscillation bwenzi bias isakukhazikika chonchi, ndipo dummy load ikanafundako ngakhale pang'ono. Ayambe ndi zosafuna kugula kanthu.

Kanyimbi_QRP
Achemwali a Nachisale, ulemu wanu!! Koyilo yapakati pa LPF, ka T37-6 kachikasu kaja, kabeep kamalira ndikakanikiza, ndikasiya zii. Nditakoka mwendo wake ndi tweezer waya unangosolokamo osatenthetsa nkomwe, kusiya kabowo mu solder, ndipo nsonga yake ikadali yofiira ndi enamel yonse, ndinangopala mbali imodzi yokha. Ndachotsa makoyilo onse atatu, ndapala ndi kampeni mozungulira, ndapaka solder kaye pa nsonga mpaka kuyera nde nkubwezera. Resistor ya a Jenala ndaikanso. Panopa babu ndachotsa, likhweru likupereka 44V peak to peak pa scope (makina oonera siginolo) yomwe ndabwereka, nditawerengera (44 x 44 kugawa ndi 400) zikundipatsa pafupifupi 5W, dummy load ikufunda, heatsink ndi yofunda chabe. Yachitatu ija ikadali moyo kkkk.

Koma kwabukanso china. Pa dummy load mawu akumveka oyera pa risiva ina, ndikangolumikiza dipole mawu akumveka ophwanyika ngati ndikuyankhulira mu chitini, ndipo ka display kakuthwanima ndikakweza mawu.

Mdala_Valavu
Imeneyo ndi RF ikubwerera mnyumba kudzera kunja kwa coax nkulowa pa waya wa maiki ndi wa Arduino. Koma mwayambanso kuika pa eriyo musanayeze SWR achimwene? Yezani kaye, dipole ya 40m mbali iliyonse izikhala cha m'ma mita 10, muzidula pang'onopang'ono mbali zonse mofanana. Kenako choke yotchinga RF yobwererayo pomwe coax ikukumana ndi eriyo, coax yopyapyala yokulunga kangapo pa FT240-43 imagwira bwino, ka ferrite pa waya wa maiki, ndi 1nF kuchoka pa pini ya maiki kupita ku ground pa soketi penipeni. Bolodi ili mu bokosi lachitsulo kapena ikadali poyera pa tebulo?

Kanyimbi_QRP
Ili poyera mdala, pa kathabwa, mawaya ali balala. Bokosi lilipo koma sindinaboole. Loweruka ndiboola, SWR mita ndibwereka komwe ndinatenga scope, ndidzaika manambala ake pano.