Tinsomba ta m'zithaphwi zouma: kodi mitengo ingatilozere komwe tili?

Wakudambo:
Akuluakulu, ndithandizeni. Kuchigwa cha nyanja ya Chilwa kuli zithaphwi zimene zimauma gwa chilimwe chonse, koma mvula ikagwa mumapezeka tinsomba ta mchira wofiira, chonsecho palibe mtsinje wolowamo. Timachokera kuti? Nanga mitengo ya pamalopo ingathandize kudziwa chithaphwi choyenera kufufuzamo?

Namadzi:
Bambo, tinsomba timeneto sitichokera kwina, timakhala momwemo. Asayansi amatitchula kuti Nothobranchius kirki, ndipo timapezeka ku Chilwa ndi ku Chiuta. Timakula pafupifupi masentimita 5 basi. Tatimuna ndi timene tili ndi mchira wofiira. Tatikazi n'totuwa, mwakuti ambiri amangotiyesa matemba.

Chinsinsi chili m'mazira. Timaikira m'matope madzi asanaphwe, kenako makolo onse amafa. Mazirawo amagona m'dothimo miyezi yambiri osaswa, kudikira mvula. Chithaphwi chikadzaza amaswa, ndipo pakangotha masabata ochepa anawo ayamba kale kuikira awo. N'chifukwa chake dothi ndi lofunika kwambiri: liyenera kukhala makande, lakuda lija limene limang'aluka pamwamba koma pansi likusungabe chinyezi. Pamchenga mazira amauma n'kufa. Kafufuzeni pakati pa Januwale ndi Epulo. Mukachedwa mukapeza matope okha.

Mlondankhalango:
Mtengo sulozera nsomba, umalozera nthaka. Tsanya amakonda dothi lolemera losamwa madzi msanga, kumalo otentha a m'zigwa ngati ku Liwonde, choncho zithaphwi za m'nkhalango ya tsanya n'zoyenera kuziyang'ana. Mukaona masuku ndi miombo dziwani kuti mwakwera pamtunda pamene madzi sakhalitsa. Koma ku Chilwa kwenikweni chizindikiro chachikulu ndi kusowa kwa mitengo: pamene mitengo yalekezera, udzu n'kuyamba, ndiye kuti pamenepo madzi amaima nthawi yaitali moti mizu imabanika. Malire amenewo muziwalemba.

Kalembedwe kake: yezani malo a mamita 20 mulitali ndi 20 mulifupi, mukhome zikhomo m'makona. Mtengo uliwonse muuyeze pa mamita 1.3 kuchokera pansi, osati patsinde pamene pamakhala potupa. Zungulizani tepi pathunthu, nambala yopezekayo muigawe ndi 3.14 kuti mupeze kunenepa kwa thunthulo (dayamita). Lembani tsiku, nambala za GPS zosonyeza malowo ndi mtundu wa dothi.

Samalani ndi nsangu. Imayoyola masamba m'dzinja n'kuphukira m'chilimwe, mosiyana ndi inzake, ndiye anthu oyenda mu Febuluwale amailemba kuti yauma pamene ili moyo. Miombo nayo imafanana kwambiri; tengani kanthambi kokhala ndi masamba pamodzi ndi zikhokhombe za njere, mukapanikize m'nyuzipepala pakati pa matabwa awiri. Mapepalawo muzisintha tsiku lililonse, apo ayi zichita nkhungu. Zokukanikani pitani nazo ku National Herbarium ku Zomba, kumene amasunga ndi kuzindikira mitundu ya zomera.

Mayi a kuchigwa:
Ndiwonjezereko pa kagwiridwe. Kaukonde ka pamanja mukakokere m'mphepete mwa udzu, osati pakati pa chithaphwi. Kansombako mukaike m'botolo loonekera la madzi a pomwepo, rula pambali, mujambule msangamsanga, chifukwa kakachita mantha utoto wake umazilala. Mukatha mukabwezere m'chithaphwi chomwecho, musasakanize za malo osiyana. Valani magambutsi, madzi oima amenewa ali ndi likodzo. Ngati mukufuna kutenga zina kukafufuza, yambani mwapempha chilolezo ku nthambi ya za usodzi.

Kumunsi kwa Shire, cha ku Elephant Marsh, kuli nsomba ina yodabwitsa, dowe. Iyi siidalira mazira: yokha imakumba n'kudzikwirira m'matope, kudzikuta ndi nembanemba, n'kumapuma mpweya kudzera pakabowo mpaka mvula. Ili ndi mapapo, ndiye musaiike m'ndowa yodzaza ndi kuvundikira, imafa chifukwa chosowa popumira. Imalumanso kwambiri, zala zikhale kutali ndi kukamwa kwake.